Make mbuu, mwana mbuu? Funso la a malume pa mbewu za GMO

Loweruka lapitali a malume anandiimbira foni kuchokera ku Balaka. Iwo akhala akulima thonje kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo saimba foni pachabe chifukwa mayunitsi amawawerengera. Titangopatsana moni anafika pa nkhani: "Mphwanga, iwe ndiwe wasukulu, tandiuza. Thonje latsopanoli, lija losagwidwa ndi mbozi, ndikatapako njere n'kudzala chaka chamawa, lichitanso chimodzimodzi?"

Ndinawapempha kuti andipatse sabata imodzi. Sabatayo ndaithera powerenga, ndipo chandidabwitsa n'chakuti funso la a malume ndi lomwelo lomwe lakhala likusowetsa tulo akatswiri a sayansi ya mbewu kwa zaka zoposa 30. Ukalowetsa jini yachilendo mu mbewu, kodi idzagwirabe ntchito mwa ana, mwa zidzukulu ndi mwa zidzukulutudzi?

Ife pa WhatsApp ndi pa Facebook nkhani ya GMO timaikambirana ngati mpira wa Bullets ndi Manoma. Ena akuti ndi poizoni wa azungu, ena akuti ndi mpulumutsi wathu ku njala, ndipo aliyense amangosheyara kavidiyo kogwirizana ndi mbali yake. Pomwe tikukanganapo, mbewuzo zinafika kale. Dziko lino lili ndi lamulo loyang'anira mbewu zotere kuyambira 2002, thonje la Bt linayamba kuyesedwa ku Bunda mu 2013, ndipo kuyambira 2019 alimi akuloledwa kulidzala. Ine maganizo anga ndi akuti kuvomereza mbewu ndi chiyambi chabe cha ntchito. Dziko lomwe lalola mbewu yotere liyenera kumaiyang'anira chaka ndi chaka, n'kumauza mlimi zoona zake m'chinenero chomwe amamva.

Maluwa omwe anakana kumvera

Tiyambe ndi mawu akuti jini, osati majini a kwa sing'anga aja. Jini ndi kachidutswa ka DNA kosunga malangizo opangira chinthu china m'thupi la chamoyo, makamaka puloteni. Kutsogolo kwa jini iliyonse kuli kachigawo kogwira ntchito ngati switchi, kouza selo nthawi yoti iwerenge malangizowo komanso kuchuluka kwake. Thonje la Bt analiika majini ochokera kwa bakiteriya wa m'dothi wotchedwa Bacillus thuringiensis. Majiniwo amapangitsa thonje kupanga puloteni yomwe imaononga matumbo a mbozi ikadya tsamba kapena chipatso.

Mu 1990 gulu la Richard Jorgensen ndi Carolyn Napoli ku California linasindikiza zotsatira zomwe zinadabwitsa anthu. Iwo anawonjezera jini ya mtundu m'duwa la petunia poyembekeza kuti likhala lapepo kwambiri. M'malo mwake, mitengo 42 pa 100 iliyonse inatulutsa maluwa oyera kapena amawangamawanga. Jini yowonjezerayo inazima, ndipo inazimitsanso jini yobadwa nayo ya duwalo.

Chaka chomwecho ku Cologne, m'dziko la Germany, gulu la Peter Meyer linadzala panja mitengo ya petunia pafupifupi 30,000 yomwe anaiika jini ya chimanga yopatsa maluwa mtundu wofiirira ngati olenji. M'nyumba yagalasi mtunduwo unkaoneka bwino. Koma panja kutatentha kwambiri, maluwa ambiri anayamba kutuwa. Atafufuza anapeza kuti jini ija inalipobe, sinapite kulikonse. Chomwe chinachitika n'chakuti selo inamata timankhwala tina pa switchi ya jiniyo, zomwe akatswiri amati methylation, ndipo switchiyo inakanika kuyaka.

Apa ndiye pagona nkhani. Jini kukhalapo ndi jini kugwira ntchito ndi zinthu ziwiri zosiyana. Zili ngati foni yomwe ili ndi simu khadi koma nambala anaitseka.

N'chifukwa chiyani mbewu imazimitsa jini?

Mbewu ilibe miyendo yothawira matenda, ndiye imadziteteza m'kati mwa selo. Adani ake akulu kumeneko ndi mavairasi komanso tizidutswa ta DNA tomwe timadumphadumpha n'kudzichulukitsa. Selo ikaona uthenga wofanana ukubwera mobwerezabwereza kapena mochuluka modabwitsa, imaganiza kuti mdani walowa. Amene nambala yanu inatsekedwapo pa WhatsApp chifukwa chotumiza uthenga umodzimodzi kwa anthu ambirimbiri mukumvetsa zomwe ndikunena.

Selo ili ndi njira ziwiri zotsekera. Yoyamba ndi ija ya ku Cologne, yomata timankhwala pa switchi kuti jini isawerengedwe n'komwe. Choopsa pa njira imeneyi n'chakuti mu zomera chidindocho chimatha kudutsa m'njere n'kufika kwa ana. Kholo likhoza kuoneka bwinobwino, koma mwa ana kapena zidzukulu jini n'kukhala itazima. Njira yachiwiri ndi yoti jini imawerengedwa ndithu, koma uthenga wake, womwe ndi RNA, umaduladulidwa usanapange puloteni. Andrew Fire ndi Craig Mello anafotokoza njira imeneyi mu 1998 pofufuza kanyongolotsi kakang'ono, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2006. Mu 1999 Andrew Hamilton ndi David Baulcombe ku Britain anapeza tizidutswa ta RNA tomwe timatsogolera ntchitoyi mu zomera.

Kuchokera pa maphunziro amenewa akatswiri anapeza njira zochepetsera vutoli. Akalowetsa jini m'maselo amapeza mitengo mazanamazana, uliwonse jini itakhala pamalo ake, ena ili imodzi, ena zili zingapo zounjikana. Amasankha mtengo womwe jini yalowa kamodzi kokha, yathunthu, komanso pamalo pomwe DNA imawerengedwa kawirikawiri. Amapewa kugwiritsa ntchito switchi imodzimodzi pa majini angapo mu mbewu imodzi, chifukwa kubwereza n'komwe kumadzutsa alonda a selo. Amalembanso jini ya bakiteriya m'kalembedwe kofanana ndi ka zomera. Majini a Bt oyambirira ankapanga puloteni yochepa kwambiri mu mbewu mpaka pomwe anawalembanso chotero cha m'ma 1990. Ena amaika tizidutswa ta DNA mbali zonse ziwiri za jini kuti tikhale ngati mpanda. Masiku ano, ndi zida monga CRISPR, akuyesanso kuika jini pamalo pomwe asankha okha m'malo moisiya igwere paliponse.

Koma njira yaikulu kuposa zonse ndi yotopetsa: kudzala, kukolola, kudzalanso, kwa mibadwo ingapo ndi m'madera osiyanasiyana, uku akuyeza ngati puloteni ikupangidwabe. Mitengo yambiri imatayidwa panjira. Umodzi wopambana ndiwo umakhala kholo la mbewu yonse yomwe imafika pamsika.

Kodi ndiye tikane GMO?

Wina anena kuti, "Aise, zonse wanenazi si umboni woti mbewuzi n'zosadalirika?" Ayi. Kunena chilungamo, mbewu zomwe zadutsa m'sefa imeneyi zakhala zokhazikika. Thonje ndi chimanga cha Bt zakhala zikulimidwa kuyambira 1996, ndipo majini omwe analowetsedwa nthawi imeneyo akupangabe puloteni yake mpaka lero. Ngakhale petunia wa olenji uja sanathere ku Cologne. Katswiri wina wa ku Finland, Teemu Teeri, anaona maluwa a olenji pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Helsinki, n'kuwayeza, n'kupeza jini ya chimanga ija. Nkhaniyi itaphulika mu 2017 zinadziwika kuti maluwawo akhala akugulitsidwa m'mayiko ambiri popanda chilolezo, ndipo anawonongedwa. Jini yomweyo yomwe inazima ndi kutentha m'mitengo ina inakhala ikuyaka kwa zaka pafupifupi 30 m'mitengo ina. Maphunziro ndi awiri: jini ikhoza kukhazikika, komanso mbewu yomwe palibe akuilondola imafika komwe eniake sanaganizire.

Palinso mphekesera ija yoti njere za GMO sizimera kachiwiri. Luso lopanga mbewu yotero linalembetsedwa ku America mu 1998, anthu anakwiya nalo padziko lonse, ndipo silinafike pamsika. Njere za a malume zimera ndithu. Nkhani ndi yoti zikamera zidzakhala zotani.

Masamu a Mendel safuna bandulo

Apa pakubwera vuto lachiwiri, losiyana ndi kuzima kwa jini, ndipo kwa mlimi wa kuno ndi lomwe lili pafupi kwambiri. Thonje la Bt lomwe linavomerezedwa kuno ndi la haibulidi, kutanthauza kuti njere yomwe mumagula ndi mwana wa makolo awiri osiyana. Ngati jini ya Bt inachokera kwa kholo limodzi lokha, mwanayo amakhala nayo mbali imodzi. Iye amatetezeka bwinobwino. Koma njere zomwe iye wabereka zimagawikana monga momwe Gregor Mendel anaonera pa nsawawa zake n'kulemba mu 1866: pa mitengo 4 iliyonse, umodzi umakhala wopanda jiniyo.

Thonje la mtundu wa Bollgard II lili ndi majini awiri, Cry1Ac ndi Cry2Ab, omwe amayenda payekhapayekha. Tiyerekeze munda wa mitengo 1,600 yochokera ku njere zobwereza za haibulidi yemwe majini onse awiri anawatenga mbali imodzi. Pafupifupi 900 idzakhala ndi majini onse awiri, 600 idzakhala ndi jini imodzi yokha, ndipo 100 idzakhala yopanda chilichonse. Pamwamba pa izo mphamvu ya haibulidi imatsika, monga momwe aliyense amene anabwerezapo chimanga cha haibulidi akudziwira.

Mitengo 600 ija ndiyo yoopsa. Cholinga choika majini awiri n'chakuti mbozi yomwe yapirira puloteni imodzi iphedwe ndi inayo. Mtengo wa jini imodzi umapatsa mbozi mwayi wophunzira kupirira pang'onopang'ono, lero iyi, mawa inayo.

Ku Hawaii alimi a papaya amadziwa masamu omwewa. Papaya wa Rainbow, yemwe anapulumutsa ulimi wawo ku vairasi ya ringspot kuyambira 1998, amagwiritsa ntchito njira ija yoduladula RNA pofuna kupha vairasi. Koma ndi haibulidi, ndiye mlimi akadzala njere za m'chipatso, mitengo ina imatuluka yopanda chitetezo.

Mbozi nazo sizigona

Vuto lachitatu lili mwa mbozi zenizenizo. India inavomereza thonje la Bt mu 2002, ndi Bollgard II mu 2006. Pofika 2010 zinadziwika kuti mbozi yapinki ku Gujarat yayamba kupirira Cry1Ac, ndipo cha m'ma 2015 inali ikudya ngakhale thonje la majini awiri. Mbozi imeneyi imadya njere m'kati mwa chipatso cha thonje, ndipo m'chipatso cha haibulidi njerezo zimakhala zagawikana kale, zina ndi puloteni, zina zopanda. Alimi ambiri sankadzalanso mizere ya thonje wamba pambali pa la Bt. Mizere imeneyi ntchito yake ndi kusunga mbozi zosapirira, kuti zikakwatirana ndi zopirira zibereke ana omwe puloteni ikhoza kuwapha.

Ku South Africa, komwe chimanga cha Bt chinayamba kulimidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pofika 2007 kapuchi anali atapezeka akupirira puloteni ya Cry1Ab m'minda ina yothirira. Ku Australia anaona msanga kuti puloteni ya Cry1Ac imachepa thonje likamakula, ndipo m'zaka zoyambirira anaika malire oti thonje la jini imodzi lisapitirire magawo 30 pa 100 a munda wonse wa thonje. Kafukufuku waonetsanso kuti kutentha, chilala ndi madzi odikha m'munda zimatha kutsitsa mlingo wa puloteniyo. Tsono taganizirani za kutentha kwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komwe thonje lathu lambiri limalimidwa. Mlingo womwe unayezedwa kwina sungatiuze zonse za ku Ngabu.

Burkina Faso ikutiphunzitsa china. Inayamba kulima thonje la Bt mu 2008, n'kulisiya mu 2016. Jini inkagwira ntchito, mbozi zinkafa. Koma poilowetsa m'mitundu ya thonje la kumeneko, ulusi unafupika, ndipo thonje lawo lomwe linkatchuka ndi ulusi wautali linatsika mtengo. Jini inali bwino, koma mbewu yomwe inanyamula jiniyo ndi yomwe inaluza msika.

Ndiye mlimi akaona mbozi m'thonje lomwe anagula modula, zifukwa zikhoza kukhala zingapo. Mwina puloteni yachepa chifukwa cha nyengo kapena msinkhu wa mtengo. Mwina njere zinali zobwereza. Mwina mbozi zayamba kupirira. Mwina ndi tizilombo tomwe Bt sagwira n'komwe, monga nsabwe za thonje ndi tina toyamwa madzi a m'masamba, tomwe timafunabe kupopera. Mwinanso anamugulitsa mbewu yabodza m'paketi yokongola, zomwe pamisika yathu si zachilendo. Chifukwa chilichonse chili ndi mankhwala ake, koma ndi maso okha sungazisiyanitse. Popanda woyeza, mlimi amangoti "GMO ndi bodza", wogulitsa amangoti "mlimi sanatsatire malangizo", ndipo ngongole imatsala ndi mlimi.

Zomwe ndikupempha

Choyamba, kuyeza kufike kumudzi. Pali timapepala toyezera puloteni ya Bt tomwe timagwira ntchito ngati kachida koyezera malungo kuchipatala: ufinya tsamba kapena njere, uviika, udikira mphindi zochepa, mizere ioneka. Timangosonyeza ngati puloteni ilipo kapena ayi, koma zimenezo n'zokwanira kugwira mbewu yabodza ndi yobwereza. Alangizi a m'madera a thonje akhale nato. Kuyeza kuchuluka kwa puloteni kumafuna labotale, ndipo ntchito imeneyo ikuyenera malo monga Makoka, Chitedze ndi LUANAR, chaka chilichonse, pa masamba ndi zipatso zochokera m'minda ya alimi enieni, kumayambiriro ndi kumapeto kwa nyengo.

Chachiwiri, zotsatira zikhale poyera. Kampani ikamapempha chilolezo imapereka umboni wosonyeza kuti jini yakhazikika kwa mibadwo ingapo. Chidule cha umboni umenewo, pamodzi ndi zomwe akatswiri athu akupeza chaka ndi chaka, chiikidwe pa intaneti, chimveke pa wayilesi, m'Chichewa, m'Chisena, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka. Chinsinsi ndiye chakudya cha mphekesera. Anthu a sayansi akamadandaula kuti achinyamata tikukhulupirira zabodza za pa TikTok, adzifunse kuti zoona anaziika pati.

Chachitatu, paketi inene zoona m'mawu osavuta. Ilembedwe kuti mbewuyi ndi haibulidi, kuti ukabwereza mitengo ina idzakhala yopanda chitetezo, kuti imapha mbozi zakutizakuti koma osati tizilombo takutitakuti, komanso chifukwa chake mizere ya thonje wamba ili yofunika. Kungolamula kuti "osabwereza" popanda kufotokoza kumamveka ngati njira yodyera ndalama za mlimi, ndipo mlimi wosweka m'thumba adzabwereza basi.

Chachinayi, pa mbewu za chakudya tiganizire momwe Amalawi amalimira. Ambiri amasunga mbewu, amagawana ndi achibale, amagula pamsika ya m'mbale. Khobwe amadzibereketsa yekha ndi mungu wake, ndiye jini ikakhala mbali zonse ziwiri, ana amafanana ndi make. Nigeria inatulutsa khobwe wa Bt wotchedwa SAMPEA 20-T mu 2019, wopangidwa ndi akatswiri a ku Zaria mogwirizana ndi bungwe la AATF, ndipo si haibulidi. Kuno khobwe wa Bt wayesedwaponso ku Bunda. Ngati tikufuna luso limeneli lithandize osauka, mbewu zotere zomwe mlimi angasunge ndi zomwe ndalama za kafukufuku ziyenera kutsata. Komabe ngakhale zimenezo zimafuna kuyezedwa, chifukwa mbewu ikayenda m'manja ambiri imasakanikirana.

Ndikudziwa yankho lomwe libwere: ndalama kulibe. Zoona, kuyeza kumadya ndalama. Koma funsani mlimi wa ku India kuti kutaya chitetezo kunamudyera zingati, pomwe anapezeka akugula mbewu yodula n'kumagulanso mankhwala opopera. Mbozi zikaphunzira kupirira, n'kovuta kuzibweza m'mbuyo. Mu 2002, nthawi ya njala, tinalandira chimanga cha GMO pokhapokha chitagayidwa kuti wina asachidzale, pomwe anzathu a ku Zambia anachikaniratu. Nthawi imeneyo tinkasamala kwambiri za komwe njere ikupita. Lero tili ndi mbewu zotere m'minda mwathu mwalamulo, kusamala kuja kukufunika kuposa kale.

Nafenso atolankhani tili ndi mlandu wathu. Timathamangira kujambula nduna ikudula riboni kumunda wachionetsero, kapena wotsutsa atanyamula chikwangwani, kenako nkhani yatha. Ndi angati mwa ife amene tabwererako patatha zaka zitatu kukafunsa ngati mbozi zikufabe?

Dzulo ndinawaimbira a malume. Ndinati, "Malume, njerezo zimera, musamve zonena anthu. Koma sizidzafanana ndi make. Mitengo ina idzakhala ndi chitetezo chonse, ina theka, ina yopanda, ndipo zokolola zitsika. Mukabwereza mudziwiretu kuti pampu musaiike kutali, komanso mukhala mukuphunzitsa mbozi za m'mudzi monse."

Anakhala chete pang'ono. Kenako anati, "Ndamva, mphwanga. Nanga ya m'paketi yomwe ndigule chaka chino, ndidziwa bwanji kuti ndi yeniyeni?"

Ndinawauza kuti agule kwa wogulitsa wovomerezeka, asunge lisiti ndi paketi yake mpaka akolole, ndipo akaona mbozi zikuboola zipatso akauze alangizi msanga. Anaseka n'kunena kuti lisiti silipha mbozi. Mayunitsi anga anathera pomwepo, koma funso lawo lachiwirili ndalitumiza kale kwa oyenera kuliyankha, ndipo ndidzakuuzani zomwe anene.